Mtumiki amene si munthu akafika pa ndalama zanu

Mukamatuma mwana kwa ajenti wa M-Pesa kapena e-Mola, mumamuuza kuti akatape zingati, ndipo akabwera mumawerenga ndalamazo iye ali pompo. Zikapelewera, mumadziwa womufunsa. Tsopano kwabwera mtumiki wina amene si munthu. Ndi pulogalamu ya pa kompyuta, ya mtundu umene amati AI. Mwina munamvapo za ChatGPT, imene inatuluka mu 2022. Poyamba mapulogalamu amenewa ankangoyankha mafunso basi. Lero akupatsidwa manja. Munthu akhoza kulemba kuti "lipira ngongole ija", pulogalamu n'kulipiradi.

Kuti mtumiki wotere afike pa ndalama, pamafunika columikizira, ngati cingwe ca foni. Mu Novembala 2024 kampani ya ku America yochedwa Anthropic inatulutsa njira yolumikizira imene dzina lake ndi MCP. Makampani odutsitsa ndalama monga Stripe ndi PayPal anapanga zida zawo zoyendera njira imeneyi. Mu Epulo 2025 Visa ndi Mastercard nawonso analengeza kuti akukonza zoti mtumiki wa AI azitha kugulira munthu zinthu ndi khadi lake.

Mwina mukuti, "Aphunzitsi, izo n'za ku America, ife zikutikhudza pati?" Zoona, zida zimenezi apangira makampani ndi akatswiri a kumeneko. Koma tayang'anani khadi la ku banki ngati muli nalo. Ambiri mupezapo dzina la Visa. Ndipo kumbukirani Novembala 2018, pamene makina otapira ndalama a mabanki ambiri kuno ku Moçambique anaima masiku angapo. Ndalama zinalipo. Cimene cinavuta ndi kusamvana pakati pa SIMO, imene imalumikiza mabanki athu, ndi kampani ya ku Portugal imene inali mwini pulogalamu. Anthu anagona ndi njala cifukwa ca pangano limene sanalionepo n'komwe.

N'cifukwa cake ine ndimafuna kuona malangizo olembedwa a cida ciliconse. Ndakhala ndikuwerenga ena mwa malangizo a zida zatsopanozi, ndipo ndikuuzeni cilungamo: mbali ina alemba bwino kwambiri. Amafotokoza mwatsatanetsatane mmene katswiri angalumikizire cidaco, kiyi yacinsinsi aiike pati, ayese bwanji ndi ndalama zongoyerekezera asanakhudze zenizeni. Wolemba mapulogalamu sangasocere. Koma zonsezi zili m'Cingelezi ca akatswiri. Mwini ndalama, amene ndi inu, salankhulidwa naye.

Pali liwu limodzi limene linandiimitsa. Malamulo a MCP amanena kuti pazikhala munthu woti akhoza kukaniza mtumikiyo asanacite kanthu. Mfundo yabwino ndithu. Koma liwu limene anasankha ndi la malangizo, lofanana ndi "ndi bwino kutero". Si liwu lokakamiza lija lakuti "osatero walakwa". Inu amene mwaphunzira kuwerenga mukudziwa kale kuti pa cikalata liwu limodzi limasintha munda kukhala wa wina. Apa zikutanthauza kuti wopanga pulogalamu akhoza kuika pofunsira cilolezo canu, akhozanso kupeza cifukwa cosaikira.

Stripe m'malangizo ake imacenjeza za cinthu cina coopsa. Mtumiki wa AI amamvera mau olembedwa. Ndiye wakuba akhoza kubisa lamulo lake m'kalata kapena pa tsamba la pa intaneti, mtumiki uja powerenga n'kulitenga ngati lacokera kwa bwana wake. Zili ngati mwana uja mwamutuma, panjira wakumana ndi munthu amene wamuuza kuti, "Amayi ako ati ndalamazo undipatse ine." Kampaniyo inacita bwino kunena zimenezi poyera. Koma cenjezolo ndi lalifupi poyerekeza ndi masamba ofotokoza kalumikizidwe.

Funso lalikulu kwa ine ndi ili: mtumiki akatumiza 5,000 metikali kwa munthu wolakwika, abweza ndani? Yankho lake kawirikawiri silikhala m'malangizo a cida. Limakhala m'cikalata cina ca maloya, cacitali, ca zilembo zing'onozing'ono, cija timangodina "ndavomera" osawerenga. (Musacite manyazi, ngakhale ife aphunzitsi timatero.)

Ku Canada nkhani yofanana nayo inafika pa bwalo la milandu ing'onoing'ono mu 2024. Bambo wina agogo ake atamwalira anafunsa pulogalamu yoyankha makasitomala ya Air Canada za mtengo wocepetsedwa wa opita ku maliro. Pulogalamuyo inamuuza zolakwika, iye n'kugula tikiti. Atapempha kuti amubwezere, kampani inakana, ndipo pa mlandu inayesa kunena kuti pulogalamuyo ili payokha, iyankhe yokha zocita zake. Bwalo silinavomere, linalamula kampani kuti ilipire. Komatu uyo anali ndi umboni wa zimene pulogalamu inalemba, anali ndi nthawi, ndipo bwalo linali pafupi. Mlimi wa ku Angónia amene wagulitsa mbatata zake, ndalama n'kusowa pa konta, adzayambira kuti?

Ku Ulaya anaikako malire. Kuyambira 2018 kuli lamulo lakuti kampani ina ikafuna kuona konta yanu ya ku banki, iyambe yapeza cilolezo canu. Cilolezo coona cabe n'cosiyana ndi cilolezo cotumiza ndalama. Kusiyana kumeneku n'kumene malangizo abwino ayenera kuika pa mzere woyamba, m'cinenero cimene mwini konta amamva.

Tsiku lina wina adzakuonetsani pulogalamu pa foni, n'kunena kuti izikuyendetserani ndalama. Mupempheni akuonetseni pamene palembedwa kuti imangoona kapena imatumizanso, ndi pamene palembedwa mmene mungaiimitsire mawa mukasintha maganizo. Muwerenge nokha, pang'onopang'ono, ndi cala pa mzere monga timacitira m'kalasi. Akayamba kufunsa PIN yanu musanamalize kuwerenga, bwezani foni m'thumba.