Ogulitsa kompyuta asatisiyire makatoni okha

Abale a ku Maravia, munthu akalawira ku Malowera kupita ku Fingoè kukatenga chikalata, n'kuuzidwa kuti "sistema palibe, mubwere mawa," ndalama ya ulendo yapita, tsiku la kumunda lapitanso.

Boma liri nalo lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito, Decreto 79/2022, lomwe linalowa m'malo mwa la 2016. Limati njira yoyamba ikhale concurso público: ofesi ilengeze poyera, amalonda apikisane. Ogula m'maofesi ndi a UGEA. Zimenezi tikuyamika, chifukwa zimachepetsa kukonderana pachibale.

Koma kompyuta si khasu ayi. Imafuna magetsi, intaneti, ndi munthu woikonza. Wopambana mpikisano akatula makatoni n'kubwerera ku Maputo, makinawo akafa adzabwera liti? Misewu yathuyi m'dzinja mukuidziwa nokha.

Choncho tikupempha a UGEA kuti polemba kontirakiti aikemo izi: wogulitsa aphunzitse ogwira ntchito, akhale ndi mmisiri ku Tete, anenenso masiku amene adzatenge kuti afike ku Fingoè zinthu zikaonongeka. Pepala limenelo alimate pakhomo la ofesi, woyenda pachabe adziwe womufunsa.