Mastazi ya zilankhulo? Musaseke, anzanga

Sabata yatha pa buleki tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumafunsana zomwe aliyense akufuna kudzachita akalemba MSCE. Wina anati unamwino, wina uinjiniya, wina upolisi. Ine nditanena kuti ndikufuna kudzaphunzira za zilankhulo mpaka digiri yachiwiri, ija amati mastazi, gulu lonse linafa nako kuseka. Mmodzi anati: "Aise, Chichewa unayamba kuyankhula uli ndi zaka ziwiri. Ndiye ukaphunziranso chiyani? Mastazi ya 'muli bwanji'?" Belu linalira ndisanayankhe. Ndiye yankho langa ndalipachika pano kuti nonse muwerenge, ngakhale inu amene munaseka kwambiri aja.

Tiyambe ndi mayeso ang'onoang'ono. Werenganinso mawu ali pamwambawa: mtengo wa mango. Kodi ndikunena chomera chamthunzi chija, kapena ndalama zomwe amayi amatchula pamsika wa Songani? Papepala mawuwa ndi amodzi, zilembo zake sizisiyana. Koma pakamwa simusokoneza. Mukamanena chomera, liwu limakwera pakati pa mawuwo; mukamanena za ndalama, limangoyenda chapansi. Yesaninso "ndimapita kumunda". Mukatchula mwanjira ina, ndiye kuti mumapita masiku onse. Mukasintha kakwezedwe ka liwu, ndiye kuti mukukamba zakale, munali paulendo. Ndani anakuphunzitsani lamulo limeneli? Palibe. Mumalitsata tsiku ndi tsiku koma simungalifotokoze. Ndiye eti mukuti Chichewa mukuchidziwa kale?

Kuyankhula ndi kwina, kudziwa mmene chilankhulo chimagwirira ntchito ndi kwinanso. Tonse tili ndi mimba ndipo timadya nsima, koma si tonse madokotala. Maphunziro amene pa Chingerezi amati linguistics ndi sayansi ya zilankhulo. Amafufuza mmene maliwu amatulukira pakamwa, mmene mawu amapangidwira, mmene ziganizo zimalumikizikirana, mmene mwana amaphunzirira kuyankhula, ndi chifukwa chake zilankhulo zina zimakula pamene zina zikufa. Taonani izi: ife timati munthu, anthu. Anzathu a Chiyao amati mundu, ŵandu. Ku Tanzania pa Chiswahili amati mtu, watu. Ku South Africa pa Chizulu amati umuntu, abantu. Sizinangochitika mwangozi ayi. Zilankhulozi ndi zapachibale, n'chifukwa chake akatswiri anazitcha za Bantu. Magulu a mayina aja timaloweza monyinyirika pa phunziro la Chichewa, anthu ena amawafufuza m'mayunivesite akuluakulu a dziko lapansi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife a pa Domasi tikuseka ntchito imene ina mwa mizu yake ili pompano. Mishoni ino inatsegulidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa ku Scotland. Ali kuno anatchera khutu kwa anthu a m'chigwa chino, ndipo mu 1889 anatulutsa buku lofotokoza malamulo a Chiyao. Pambuyo pake analembanso buku lophunzirira Chinyanja, nakonzanso mtanthauziramawu wa David Clement Scott, umene unatuluka mwatsopano mu 1929. Koma tadzifunsani: mawu onsewo anawatola kuti? Anawamva kwa azigogo a azigogo athu. Iwo ndiwo anali eni nzeruzo, koma pachikuto pa buku panalembedwa dzina la mlendo. Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso ku America. Mu 1937 Mark Hanna Watkins anasindikiza buku la galamala ya Chichewa, ndipo amene ankamuuza mawu ndi ziganizo anali mnyamata wophunzira ku Chicago, Hastings Kamuzu Banda. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chabwino, tamuthokoza. Koma mpaka liti tizidikira mlendo kuti atimete?

Mwayi wake, alipo Amalawi amene ananola malumo awoawo. Sam Mchombo anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo buku lake lofotokoza kapangidwe ka ziganizo za Chichewa linasindikizidwa ndi Cambridge University Press mu 2004. Al Mtenje, wa ku Chanco konkuno, pamodzi ndi Laura Downing analemba buku la maliwu a Chichewa lomwe linatuluka ku Oxford University Press mu 2017. Nkhani ya mtengo ndi mtengo ija, imeneyo ndiye ntchito yake. Jack Mapanje ambiri timangomudziwa ngati mlakatuli amene anatsekeredwa ku Mikuyu, kufupi ndi kuno, kuyambira 1987 mpaka 1991. Koma digiri yake ya udokotala, yomwe anaitenga ku London, inali yofufuza mmene Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi zimasonyezera nthawi m'aneni. Anthu amenewa sanapite kunja kukaphunzira "muli bwanji". Anapita ndi chuma chomwe azungu analibe, chilankhulo cha pamtondo ndi padambwe, n'kukachisandutsa sayansi.

Mwina mukuti izi ndi za mabuku chabe, sizikhudza munthu wamba. Imvani za mng'ono wanga. Iye analeredwa ndi agogo, ndipo pakhomo pa agogo ndi Chiyao chokhachokha. Atayamba Sitandade 1 pa sukulu ina, chaka chonse anangokhala duu, osakweza mkono. Aphunzitsi akayankhula Chichewa ankangomva mwa apo ndi apo, akatembenukira ku Chingerezi ndiye basi, mdima. Anabwereza kalasi, ndipo anzake anayamba kumutcha mbuli. Komatu mwana yemweyo madzulo ankatiyalira nthano zazitali za Chiyao osaphonya ndi nyimbo yomwe, ndipo bawo ankagonjetsa akuluakulu. Mutu wake unalibe vuto. Vuto linali lakuti chilankhulo chake chinkatsala pageti pa sukulu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga pano munadutsa momwemo, kungoti simunena.

Funso lakuti mwana ayambe kuphunzira m'chilankhulo chiti lakhala likuvutitsa dziko lino. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhala cha ntchito za boma. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalengeza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo za kwawo. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi. Mwaona mmene mphepo yakhala ikusinthira? Ziganizo zotere zimagwera pamutu pa ana ngati mng'ono wanga. Ndipo kuti munthu akakhale patebulo pomwe zimakambidwa, sangopita ndi mkwiyo wokha. Amafunika umboni: ana angati anamva, angati sanamve, chifukwa chiyani. Kupeza umboni wotero ndiyo ntchito ya mastazi. Pa digiri yoyamba umaphunzira zomwe ena anapeza. Pa yachiwiri umasankha funso lako, umapita kumudzi kapena m'kalasi ndi kope ndi chojambulira mawu, umasanthula zomwe wamva, n'kulemba buku la kafukufuku lomwe akatswiri amaliyesa. Funso langa ndili nalo kale: kodi chimachitika n'chiyani m'mutu mwa mwana wa Chiyao pa chaka chake choyamba kusukulu?

Tsopano tifike pa funso lomwe mukulisunga: "Nanga ntchito? Udzadya galamala?" Funsoli ndi lachilungamo, ndipo sindinganame kuti ndi njira yolemerera msanga. Makolo athu agulitsa mbuzi ndi mpunga kuti tilipire fizi, ndiye ali ndi ufulu wofunsa. Koma tayang'anani pafupi pompa. Ku Malawi Institute of Education, pa Domasi pano, ndi kumene amakonza masilabasi ndi mabuku omwe ana a dziko lonse amawerenga. Ku Domasi College of Education amasula aphunzitsi a sekondale, kuphatikizapo a zilankhulo. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, yomwe inayamba mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, ndipo ndi imene inakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Wailesi ya MBC imawerenga nkhani m'zilankhulo zingapo. M'makhoti mumafunika omasulira, chifukwa liwu limodzi lomasuliridwa mokhota likhoza kumangitsa wosalakwa. Uthenga wa kolera kapena wa namondwe ukalembedwa m'Chichewa chopotoka, anthu amafa. Ndipo inu amene mumakonda mafoni, tayesani kumasulitsa mwambi pa makina omasulira a pa intaneti, muone zoseketsa zomwe zituluke. Makinawo sangawongoke okha. Akudikira anthu odziwa Chichewa ndi Chiyao mozama, odziwanso kompyuta.

Ena anena kuti wa pa CDSS asamalote zotalika, mastazi ndi ya ana a m'masukulu a mpanda. Zoona, njira yathu ndi yokwera. Mabuku ndi ochepa, ena timayenda mtunda wautali, ndipo tikafika kunyumba kumatidikira khasu ndi ndowa. Koma makwerero ake ndi odziwika. Poyamba MSCE yabwino, makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Kenako zaka zinayi za digiri yoyamba. Pa University of Malawi, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pano, amaphunzitsa zilankhulo za mu Africa ndi linguistics. Pamapeto pake mastazi, pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ambiri amaichita akugwira kale ntchito. Onani kuti Chingerezi sindikuchitaya ayi. Popanda icho pakhomo la yunivesite sindilowa. Ndikungokana zoti kuti ukonde Chingerezi uyenera kunyoza chilankhulo cha amayi ako. Ndipo pa phunziro ili lokha, ife tili patsogolo pa ana a m'tauni. Ambiri a ife timayankhula zilankhulo ziwiri kapena zitatu tisanadye phala la m'mawa. Labotale yathu ya sayansi ikhoza kusowa zipangizo, koma labotale ya zilankhulo tili nayo yodzadza: agogo, msika, chigayo, bwalo la amfumu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sindikuti nonse mudzakhale akatswiri a zilankhulo. Anamwino ndi mainjiniya tikuwafuna kwambiri. Koma lekani kuseka mnzanu akalankhula Chiyao kapena Chilomwe pabwalo, ndipo lekani kuona phunziro la Chichewa ngati nthawi yogona. Amene muli ndi chidwi, gulani kope laling'ono. Loweruka lino khalani pafupi ndi agogo, lembani mawu khumi omwe inu simuwagwiritsanso ntchito, mufunse tanthauzo lake ndi nthawi yomwe amanenedwa. Lolemba pa buleki tikumane pansi pa mtengo wa mango womwe uja, tiyerekeze zomwe tapeza. Iwe amene unafunsa za mastazi ya "muli bwanji", ubwere ndi kope lako. Ndidzakufunsa chifukwa chake timati "muli" kwa munthu mmodzi, ndipo ndidzadikira yankho mpaka belu lilire.

Wophunzira wa Fomu 4