Kabuku ka m'dirowa sikateteza ofesi

Pali mawu amene afala m'maofesi kuno ku Mulanje, kuyambira pa Boma, ku Chitakale mpaka ku Muloza. Akuti kuntchito akakuuza kuti usunge mapasiwedi ako onse m'pulogalamu imodzi, ndiye kuti wapereka makiyi onse kwa mbava, ndipo bwana ayamba kusuzumira zinsinsi zako. Akuti bola kabuku ka m'dirowa. Ife sitikugwirizana nazo.

Taonani zimene zikuchitika kale. Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi, namwino wa pachipatala, wowerengera ndalama wa ku SACCO, aliyense ali ndi maakaunti ambiri oti mutu sungawakumbukire onse. Ndiye pasiwedi imakhala imodzi paliponse, dzina la mwana wachisamba ndi chaka chobadwa. Ikabedwa malo amodzi, mbava zimangoiyesa pa imelo, kubanki ndi kwina konse, zitseko n'kumatseguka. Munthu akamapita kutchuthi amaisiya pakapepala kwa mnzake. Mawa ndalama zikasowa, kompyuta imaonetsa dzina la mwini akaunti, ndipo mlandu umagwera iye amene anali kumudzi. Amene akukumbukira Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zinatuluka kudzera m'makina a boma a IFMIS zolembedwa zina n'kufufutidwa, akudziwa kufunika kodziwa bwino amene analowa m'makina.

Mapulogalamu monga Bitwarden ndi 1Password amathetsa vuto limeneli. Amapangira akaunti iliyonse pasiwedi yakeyake, yaitali, yosafunika kuiloweza. Zonse amazisokoneza pafoni kapena pakompyuta panu zisanatumizidwe pa intaneti, moti ngakhale kampani yopanga pulogalamuyo singaziwerenge popanda pasiwedi yanu yaikulu, imene imatsegula zonse. Pali phindu lina limene ambiri sakulitchula: mukatsegula tsamba labodza lofanana ndi la banki, pulogalamuyo siilemba pasiwedi chifukwa adiresi ndi yachilendo. Maso a munthu wotopa amanamizika, koma pulogalamu imayang'ana adiresi yokha. Nanga netiweki ikavuta, monga zimakhalira kuseri kwa phiri? Zimene munasunga kale pachipangizo chanu zimatsegukabe.

Otsutsa amatchula LastPass, pulogalamu ina ya mtundu womwewu, ndipo ali ndi mfundo. Mu 2022 mbava zinakopera nkhokwe za makasitomala a kampaniyo, zitadutsira pakompyuta ya kunyumba ya mmodzi wa mainjiniya ake. Zinali zochititsa manyazi, ndipo kampaniyo inachedwa kufotokoza zonse. Komabe mapasiwedi amene anabedwawo anali osokonezedwa, ndipo amene anali pangozi kwambiri ndi omwe pasiwedi yawo yaikulu inali yaifupi. Kabuku kakabedwa, wakuba amangowerenga. Ndipo anthu a Mulanje anaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, mmene madzi ndi matope zimawonongera mapepala.

Za bwana nazo tinene poyera. M'mapulogalamu ambiri a kuntchito, woyang'anira za makompyuta amaona amene walowa ndi nthawi yake, amatha kukutsekerani akaunti mukasiya ntchito, ndipo kwina amatha kuibwezeretsa mwini wake akaiwala pasiwedi yaikulu. Ndi chifukwa chake nkhokwe ya kuntchito iyenera kukhala ya za ntchito zokha. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, Facebook yanu ndi akaunti yanu ya kubanki musaziike mmenemo. Funsani pa tsiku loyamba kuti ndani ali ndi mphamvu zotani, ndipo yankho likhale lolembedwa. Olemba ntchito nawo asabise. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna kuti osunga zinsinsi za anthu aziziteteza, ndipo wantchito amene sanafotokozeredwe bwino amabwerera ku kapepala kake.

Mukalandira imelo yokuitanani kulowa m'pulogalamuyi, tsimikizani kwa amene akuyang'anira kuti ndi yochokeradi kuntchito. Pasiwedi yaikulu ikhale mawu anayi kapena asanu osagwirizana, amene simunagwiritsepo ntchito kwina, ndipo musauze aliyense, ngakhale bwana. Yatsani njira yachiwiri yotsimikizira pafoni. Kenako sinthani mapasiwedi akale imodziimodzi, kuyambira imelo ya kuntchito, popeza ndi kumene maakaunti ena ambiri amatumiza uthenga wosinthira pasiwedi. Kabuku kaja mukatenthe mukamaliza kusamutsa zonse.