Ku Joni, Chingerezi cha MSCE sichikwanira

Anyamata akwathu ku Phalombe akamakwera basi ya ku Joni amadalira Chingerezi cha kusekondale. Ine ndikuti akadayamba ndi Chizulu.

Mlendo sapeza ganyu yoyamba polemba kalata. Amaimva kwa dalaivala wa minibasi kapena kwa kapitawo pamalo omanga nyumba, ndipo amene sangathe kunenerera malipiro m'chilankhulo chawo amangolandira zomwe wapatsidwa n'kuthokoza. Pa zipolowe zothamangitsa alendo za mu May 2008, ena ankafunsidwa dzina la chigongono m'Chizulu. Wolephera kunena "indololwane" ankaona zakuda.

Ambiri amati ukakhalitsa zinthu zimayenda zokha. Sindikuvomereza. Zaka 10 ukugona m'kachipinda ka Amalawi okhaokha, ukupalira maluwa a bwana mmodzimodzi, zimakuwonjezera imvi basi.

Koma tisanamizane, anzanga, chilankhulo chili ndi polekezera. Agogo athu Alhomwe atachoka ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo anaphunzira Chinyanja, ambirife mpaka Chilhomwe tinataya, komabe thangata anawapanikiza mpaka 1962 poti malo sanali awo. Lero wopanda pemiti, Chizulu angachithyole bwanji, bwana akamubera malipiro amaopa kukadandaula kupolisi.