Tenisi ya Awiriawiri Ikuponderezedwa

Mu chaka cha 1992, pa mpikisano wa Wimbledon ku London, John McEnroe ndi Michael Stich analimbana ndi Jim Grabb ndi Richey Reneberg kwa maola asanu. Mdima utagwa masewero anaimitsidwa, ndipo anakathera Lolemba pamene McEnroe ndi mnzakeyo anapambana chigawo chachisanu ndi 19 kwa 17. Masewero otere sadzaonekanso pa bwalo limeneli, pakuti mu 2023 akuluakulu a mpikisanowu anadula zigawo za amuna osewera awiriawiri kuchoka pa zisanu kufika pa zitatu. Chigamulo chimenechi n'cholakwika.

Eni mpikisano anati kufupikitsako kudzakopa akatswiri osewera payekhapayekha kuti alowenso m'chikho cha awiriawiri. Kodi analowa? Carlos Alcaraz ndi Novak Djokovic, amene anakumana m'masewero otsiriza chaka chomwecho, sanasewereko awiriawiri. Nyambo inatayidwa m'madzi koma nsomba sinadye, ndipo amene anamva kuwawa ndi aja moyo wao wonse udalira masewero omwe anadulidwawo.

Kupeputsaku sikunayambe dzulo. Mu 2005 bungwe la ATP linakonza malamulo amene akanachotsa ambiri mwa akatswiri a awiriawiri m'mipikisano, mpaka mapasa a ku America, Bob ndi Mike Bryan, pamodzi ndi anzao anakasuma kubwalo la milandu. Mlandu unathera pokambirana, komabe kuyambira 2006 chigawo chachitatu m'mipikisano ya bungweli chinalowedwa m'malo ndi kampikisano kothamangira mapointi 10. Pa ndalama napo tsankho silibisika. Pa Wimbledon ya 2023 wopambana payekha analandira mapaundi 2,350,000, pamene Wesley Koolhof ndi Neal Skupski anagawana 600,000.

Ena amati n'chilungamo, popeza anthu amagula matikiti kudzaona wosewera mmodzi wotchuka. Mfundoyi ili ndi kachoonadi, koma imabisa chiyambi cha vuto. Munthu angakonde bwanji chimene sanachionepo? Masewero a awiriawiri kawirikawiri amaikidwa pa mabwalo aang'ono, pa nthawi imene oonerera atopa, ndipo wailesi zakanema siziwalabadira. Atatero, akuluakulu omwewo amaloza mipando yopanda anthu ngati umboni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti luso lili m'masewerowa si lamasewera. Bwalo limakula kuchoka pa mamita 8.23 kufika pa 10.97 m'lifupi, koma poti mbali iliyonse kuli anthu awiri, mpata woponyamo mpira umachepa. Woima pafupi ndi ukonde amapatsa mnzake chizindikiro ndi zala kumbuyo kwa msana, ndipo mpira umamufika asanaphethire. Mphamvu zokha sizithandiza pamenepa. Pamafunika anthu awiri oganiza ngati mutu umodzi. Kumvana kotere n'kumene kunapatsa a Bryan zikho 119, ndipo 16 mwa izo zinali za mipikisano inayi ikuluikulu.

Maiko osauka nawo apezapo ulemu kudzera pa khomo limeneli. Byron Black wa ku Zimbabwe anapambana French Open mu 1994 ali ndi Jonathan Stark, ndipo mng'ono wake Wayne, pamodzi ndi Kevin Ullyett, anatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005. Palibe mwamuna wa m'dzikolo amene anatengapo chikho chotere akusewera yekha.