Kufufuza Gwero la Nkhokwe za Pakompyuta

Mwezi uliwonse ukatha, zipatala za kumwera kwa boma la Mzimba, monga cha mishoni cha Embangweni ndi zina za ku Jenda ndi ku Edingeni, zimatumiza malipoti ku ofesi ya zaumoyo pa boma. M'malipotimo mumakhala chiŵerengero cha ana amene alandira katemera, amayi amene achira, ndi anthu amene adwala malungo. Ziŵerengerozi zimaloŵetsedwa mu DHIS2, pulogalamu imene amaisamalira pa yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo pansi pake pali nkhokwe yosungira zonsezi yotchedwa PostgreSQL. Mapulogalamu aŵiriŵa ngaulere, ndipo malamulo amene amawayendetsa ngosabisa: wodziŵa aliyense angathe kuwaŵerenga, kuwakonza ndi kuwagaŵira anzake.

Kwa dziko losauka ichi ndi chinthu chamtengo wapatali. Koma pulogalamu imene munthu aliyense angathe kuikopera, wakubanso angathe kuikopera, kuikamo msampha, ndi kuigaŵa pa dzina lomwelo. Mnyamata amene wangomaliza Fomu 4, walembedwa ntchito ya ukalaliki, ndipo mnzake wampatsa pulogalamu pa fulashi, adziŵa bwanji kuti ndi yeniyeni?

Njira ilipo, ndipo siyovuta. Choyamba, pulogalamu itengedwe kwa eni ake, osati kwa wodutsa m'njira. Eni akewo amalengeza nambala yaitali, kaŵirikaŵiri ya mtundu wa SHA-256, imene imaŵerengedwa kuchokera m'fayilo lenilenilo. Chilembo chimodzi chokha chikasinthidwa, nambalayo imasinthiratu. Wolandira amaŵerengetsa kompyuta yake ndi kufananitsa. Palinso siginecha ya pakompyuta, imene imagwira ntchito ngati chidindo cha mfumu pa kalata. Aphunzitsi a phunziro la kompyuta m'sukulu za sekondale angathe kuonetsa zimenezi m'phunziro limodzi, ngakhale kumene magetsi amabwera mwa apo ndi apo.

Komabe chidindo chimangonena amene watumiza katundu. Sichinena za mtima wake. Pa 29 Malichi 2024, Andres Freund, mmodzi mwa akatswiri olemba PostgreSQL, adaulula chinthu chimene chidadzidzimutsa dziko lonse. Poyesa liŵiro la kompyuta yake adaona kuti kuloŵamo kunkachedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Wina akadanyalanyaza. Iye adalondola mpaka adapeza khomo lobisika mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kamapezeka m'makompyuta ochuluka a Linux. Adaikamo khomolo ndi munthu wodzitcha Jia Tan, amene kuyambira 2021 ankathandiza ntchito modzichepetsa kufikira adapatsidwa mphamvu zotulutsa pulogalamuyo. Mafayilo oipawo, 5.6.0 ndi 5.6.1, adali ndi siginecha yolondola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamwayi msamphawo udagwidwa usanafalikire, ndipo udagwidwa chifukwa choti malamulo ake adali poyera.

Anthu a ku Mzimba safunika kuuzidwa za kuŵaŵa kwa nkhokwe yotsekeka. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho boma lidaleka kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Dr Lazarus Chakwera, amene adali Mtsogoleri wa dziko pa nthaŵiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zidaloŵerera makina a nthambi yoona za anthu oloŵa ndi otuluka, ndipo zinkafuna dipo. M'boma limene mabanja ambiri amadalira ana awo a ku Joni, pasipoti ikachedwa ndiye kuti fetereza ndi fizi zachedwanso.

Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 lidapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhani zotere, ndipo likufuna kuti wosunga mbiri za ena aziteteze. Pa ofesi ya pa boma zimenezi zikutanthauza ntchito zosaoneka: kulemba m'kaundula dzina la pulogalamu iliyonse, nambala yake ndi kumene idatengedwa, kuika zigamba eni ake akangozitulutsa, ndiponso kusunga kope lina la nkhokweyo pamalo osalumikizidwa ku intaneti. Vuto ndi lakuti ntchito zimenezi zimafuna munthu wolipidwa, pamene ndalama zambiri zoyendetsera makompyuta a zaumoyo zakhala zikuchokera kwa abwenzi akunja, ndipo thandizo la dziko la America lidachepa mu 2025.