Mankhwala a Mtima Wosokonezeka

Dzina la Kasina, mishoni ya Akatolika m'boma la Dedza, lipezekanso m'mabuku a chipembedzo cha Buddha. M'chinenero cha Pali, kasina ndicho chinthu, monga dothi, madzi kapena moto, chimene munthu achiyang'anitsitsa kufikira maganizo ake atadekha. Buddhaghosa anatchula zinthu 10 zotere m'buku lake Visuddhimagga, zaka ngati 1,500 zapitazo. Mainawo angofanana mwangozi, komabe chiphunzitsocho chiwafunika aphunzitsi ndi antchito a Boma a ku Kasina.

Abuda amati zoipa zonse ziphuka pa mizu itatu: umbombo, udani ndi moha, ndiko kusokonezeka kwa mtima kumene kulepheretsa munthu kuona chinthu monga chiliri. Pa chithunzi chawo cha gudumu la moyo, moha amamujambula ngati nkhumba, ndipo woweta aliyense adziwa kuti nkhumba ifukula dothi osatukula maso. Mankhwala ake awatcha amoha. Amoha si nzeru za m'buku ai, pakuti munthu angathe kukhoza mayeso onse nakhalabe wotengeka ndi mphekesera. Ndiwo mkhalidwe wa mtima umene uyamba waima ndi kufunsa: kodi ichi chaoneka ndi maso, kapena changomveka?

Kusowa kwa mkhalidwe umenewu kwaphetsa anthu m'dziko muno. Mu 2016 ku Neno, okalamba anai anaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Mu 2017 mbiri ya anamapopa inawanda ku Mulanje ndi Phalombe; anthu osalakwa anaphedwa, bungwe la United Nations linachotsako antchito ake, koma madokotala sanapeze umboni wakuti wina anapopedwa magazi. Lamulo la 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo Boma lichita bwino pogwira ochita chipolowe. Tsoka lake n'lakuti wapolisi afika miyala itaponyedwa kale. Amene ali pafupi pamene mphekesera ikubadwa ndiye mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo ndi mlangizi wa zaulimi.

Ena adzati ichi n'chipembedzo cha alendo. N'zoona kuti Abuda m'Malawi ngowerengeka. Odziwika ndi a ku Amitofo Care Centre ku Blantyre, malo olererako ana amasiye amene anayambitsa ndi Hui Li wa ku Taiwan. Koma palibe akuuzidwa kuti asiye tchalitchi chake. Makolo ananena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Abuda angoonjeza kuti kudekhako kuphunziridwa tsiku ndi tsiku, monga mwana aphunzira kuwerenga.

Tsono mwana akakomoka m'kalasi nyengo ya dzinja, mphunzitsi wa ku Kasina ayambe wamtumiza ku chipatala kukayezetsa malungo, makolo asanasonkhane pabwalo ndi kutchula dzina la agogo ena. Zotsatira zikabwera, makolo azinene okha pamaso pa nyakwawa.